Kudikira yankho la sukulu ndi sikolashipi uli ku Joni: zomwe zimachitika kuseri kwa "under review"

Lamulungu lapitali titatuluka mu tchalitchi ku Turffontein, mchemwali wina wamng'ono anandikokera pambali nkunditsegulira foni yake. Anaplaya Masters mu Ogasiti, pano miyezi yadutsa, koma akalowa pa portal, tsamba la yunivesite loonerapo mmene fomu ikuyendera, pamangolembedwa mawu omwe aja, under review, ndiye kuti akuiunikabe. Nde akuti "achimwene, ndiuzeni zoona, andikana eti? Angochita manyazi kundiuza?" Amati amatsegula imelo akangodzuka, ali mu taxi yopita ku Bree, pa lunch ku ntchito, ngakhale pakati pa usiku akadzidzimuka. Ndinamumvetsa chifukwa njira imeneyi ndinayendamo, ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri nthawi imeneyo si kudikirako ayi, koma kusadziwa kuti ndikudikira chani kwenikweni.

Nde ndati ndilembe zomwe ndinamuuza, mwina zithandiza ena.

Poyamba penipeni, ife ochokera kunja sitidikira yankho limodzi. Timadikira atatu, ndipo aliyense ali ndi mwini wake komanso kalendala yake. Pali yunivesite yomwe imati bwera udzaphunzire, pali mwini ndalama yemwe amati ndikulipirira, nde pali boma la dzikolo lomwe limati lowa. Anthu atatuwa sakhala pansi limodzi kukambirana za inu. Ambiri timasokonezeka chifukwa tikangoona kalata ya offer timaona ngati zatheka, timaimbira mayi kumudzi, achibale onse amva, pomwe tangodutsa khomo loyamba lokha, lomwenso nthawi zambiri ndi lophweka kuposa enawo.

Tiyambe ndi yunivesite. Mukatumiza fomu sipita kwa profesa tsiku lomwelo. Imayamba yafika ku ofesi ya admissions komwe amaona ngati mapepala akwana, transcript, satifiketi, pasipoti, makalata a ma referee (anthu okuchitirani umboni), umboni wa Chingerezi ngati akuufuna. Pakasowa kamodzi kokha fomu imangokhala pamenepo ndipo nthawi zina palibe amene akuimbireni foni, amangolemba pa portal pakona penapake kuti outstanding. Ikakwana mpomwe imapita ku dipatimenti, ndipo madipatimenti ambiri sawerenga imodzi imodzi ikamafika, amadikira tsiku lotseka lidutse kenako komiti ikhale pansi kuwerenga zonse pamodzi. Anthu a mu komitiwo ndi malekichara omwewo amene akuphunzitsa, akuchonga mayeso, akuyang'anira ophunzira awo. Kuno ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale, nde miyezi ya Okutobala ndi Novembala yomwe inu mukufuna yankho ndi yomwe iwo amira mu mayeso, kenako Disembala dziko lonse limapita ku holide. Mukaona zii mu Disembala musamadzizunze, kawirikawiri mu ofesimo mulibe munthu.

Ngati ndi Masters ya research kapena PhD nkhani imasinthanso. Pamenepo magiredi okha sakwana, pamafunika supervisor amene ali ndi malo komanso amene mutu wanu ukugwirizana ndi zomwe iye amafufuza. Munthu atha kukhala ndi distinction koma nkukanidwa chifukwa lekichara wa gawo limenelo ali kale ndi ophunzira ochuluka kapena ali pa sabbatical, tchuthi chachitali chokachita kafukufuku. Ichi nchifukwa chake ndimauza aliyense kuti lemberani lekichara musanaplaye, mumuuze mwachidule chomwe mukufuna kufufuza ndi chifukwa chomwe mwasankhira iyeyo, osati imelo imodzi yomweyo yotumiza kwa anthu 20, amazindikira.

Tsopano pali SAQA, ndipo apa ndi pomwe Amalawi ambiri timagwa. South African Qualifications Authority ndi bungwe lomwe limaunika mapepala a sukulu ochokera kunja nkunena kuti akufanana ndi level iti ya kuno. Pa mndandanda wa ma level a maphunziro wa kuno, wotchedwa NQF, digiri wamba ili pa level 7, Honours pa 8, Masters pa 9, PhD pa 10. Kwathu timaphunzira zaka 4 nde timaganiza kuti tikangofika tilowa Masters, koma ambiri amauzidwa kuti ayambe kaye Honours chifukwa pepala lawo laikidwa pa 7. Zimawawa, chaka chathunthu chowonjezera ndi fizi yake, koma ndi bwino kudziwa msanga kusiyana ndi kuzimva mu Januwale. Ndipo SAQA simangoyang'ana pepala nkudinda, imafunsa kusukulu komwe munaphunzira kuti atsimikize kuti ndi lenileni, nde liwiro lake limadaliranso kuti kumudzi ayankha liti. Enanso amene tinaphunzira UNIMA isanagawidwe mu 2021, pomwe Poly inasanduka MUBAS ndipo College of Medicine ndi KCN zinapanga KUHeS, tizikumbukira kuti dzina lomwe lili pa satifiketi litha kusiyana ndi dzina la sukulu yomwe ikusunga mafayilo athu lero, nde mukamalemba fotokozani bwino lomwe kuti wowerengayo asasokonezeke. Ine zanga zinachedwa masabata ambiri chifukwa cha kalata imodzi yotsimikiza yomwe inakhala pa desiki ina kumudzi, mpaka mlongo wanga anachita kupitako yekha kukaikumbutsa. Ngati mukuganiza zophunzira kuno, yambani SAQA lero, musadikire offer.

Offer ikabwera iwerengeni mofatsa, mawu ndi mawu. Pali conditional ndi unconditional, kuno ena amati provisional ndi firm. Conditional ndiye kuti takulandira koma ubweretse chakuti pofika tsiku lakuti, mwina IELTS (mayeso a Chingerezi), mwina satifiketi ya SAQA, mwina transcript yomaliza. Kalata imeneyo masikolashipi ena saiwerengera. Za IELTS, zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha, TOEFL, mayeso enanso a Chingerezi, chimodzimodzi, pomwe GRE, mayeso olowera postgraduate omwe mayunivesite ena amafuna, ndi zaka 5. Ndaonapo munthu amene analemba IELTS msanga kwambiri, nkuplaya kawiri osatheka, kachitatu atamutenga pepala linali litatha mphamvu nde analipiranso. Mayunivesite ena amavomera kalata yochokera kusukulu kwanu yonena kuti munaphunzira mu Chingerezi, ena savomera, funsani musanawononge ndalama.

Nde tifike pa ndalama, pomwe pagona nkhani.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimatithandiza ife a ku Malawi tikamaphunzira kuno, ndipo chinasainidwa kwathu konkuja. Mu 1997 ku Blantyre mayiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro lomwe mwa zina limati ophunzira ochokera mayiko a SADC azitengedwa ngati a m'dziko momwemo pa nkhani ya fizi. Nchifukwa chake ku Wits, UJ kapena Pretoria Mmalawi salipira fizi yofanana ndi munthu wochokera kutali kunja kwa SADC, ngakhale pamakhala ka levy ka international kowonjezera. Koma musasangalale msanga, chifukwa wophunzira wakunja nthawi zambiri amafunsidwa kulipira gawo lalikulu la fizi asanalembetse nkomwe, pomwe mnzake wa konkuno atha kumalipira pang'onopang'ono. Ndipo ndalama za boma zothandiza ophunzira a postgraduate, za bungwe la National Research Foundation (NRF), malamulo ake amati 95 peresenti ipite kwa nzika za South Africa ndi okhala ndi permanent residence, 5 peresenti yotsalayo ndi yomwe timalimbirana ife a SADC pamodzi ndi dziko lonse lapansi. Sindikudandaula, ndi misonkho yawo ndipo ali ndi ana awo ambiri osauka ofunika kuphunzira. Ndikungofuna mudziwe kukula kwa khomo lomwe mukufuna kulowera, kuti akakukanani musamaganize kuti ndinu mbuli.

Makomo ena alipo. Mandela Rhodes imatenga achinyamata a mu Africa kudzachita Honours kapena Masters kuno, Canon Collins imathandiza anthu a kummwera kwa Africa kuno ndipo Malawi ilimo, Beit Trust ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi, Mastercard Foundation ili ndi pulogalamu ku Pretoria ndi ku UCT ya ku Cape Town, ndipo Rhodes yopita ku Oxford Amalawi amapikisana nawo m'gulu la Southern Africa. Vuto ndi loti masikolashipi ambiri amatseka msanga kwambiri, miyezi yambiri yunivesite isanayankhe, nde amene amadikira offer kaye kuti ayambe kusaka ndalama amapeza zitseko zonse zatsekedwa, nkukhala ndi kalata yokongola yopanda pogwira. Zimenezi zimayenera kuyendera limodzi, fomu ya sukulu uku, fomu ya ndalama uku.

Kwa amene maso ali ku UK, sikolashipi ya boma la kumeneko ya Chevening ndi chitsanzo chabwino cha mmene makalendala amakokerana. Mumaplaya chakumapeto kwa chaka, mumasankha makosi 3 a Masters ya chaka chimodzi, mumafunika kukhala mutagwira ntchito maola 2,800 omwe ndi ngati zaka 2. Kenako zii mpaka chaka chinacho pomwe ena amaitanidwa ku intaviyu, ndipo zotsatira zimatuluka cha mu Juni. Koma Chevening sikupezerani malo kusukulu, mumaplaya nokha ku mayunivesite aja ndipo pofika tsiku lomwe aika mu Julayi mukhale muli ndi unconditional offer. Nde munthu amakhala pafupifupi miyezi 8 ali m'malere, sukulu ikuyamba Seputembala kapena Okutobala. Chinanso chomwe a ku Joni tiyenera kuchiganizira bwino, Chevening imafuna kuti mukamaliza mubwerere kudziko lanu kwa zaka zosachepera 2, ndipo dziko lanu ndi Malawi osati South Africa. Ngati muli ndi banja kuno, ana ali pa sukulu ku Rosettenville, nkhani imeneyi ikambidwe pakhomo fomu isanatumizidwe. Sikolashipi ya Commonwealth nayo ili ndi njira yake, zambiri zimadutsa kaye ku bungwe losankha la kudziko kwanu lisanatumize mayina ku London, nde pali kudikira kuwiri mkati mwa kudikira kumodzi.

Ku America kalendala ndi inanso. Mafomu ambiri a PhD amatseka mu Disembala kapena Januwale, mayankho amabwera cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo pali tsiku lomwe aliyense woplaya kumeneko ayenera kulidziwa, 15 Epulo. Mayunivesite ambiri anagwirizana kudzera ku Council of Graduate Schools kuti munthu amene wapatsidwa offer yokhala ndi ndalama asakakamizidwe kuyankha tsikuli lisanafike. Izi zikutanthauza kuti amene ali pa waitlist nthawi zambiri amamva zawo masiku oyandikira 15 Epulo kapena litangodutsa, pomwe anthu omwe anali ndi ma offer angapo asankha imodzi nkusiya zinazo. Nde waitlist si kukanidwa mwaulemu ayi, ndi mzere weniweni ndipo umayenda, kungoti umayenda mochedwa komanso simungadziwe kuti muli pa nambala chani. Apa ndipemphe amene Mulungu wawakomera mtima nkulandira ma offer awiri kapena atatu, mukatsimikiza komwe mukupita auzeni enawo msanga, pali munthu penapake amene sakugona akudikira malo omwe inu mwangowagwirizira.

Khomo lachitatu ndi viza, ndipo kwa ife okhala ku Joni ndi pomwe pamafunika kunena zoona zokhazokha. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani South Africa masiku 30 ngati mlendo. Malamulo a kuno salola kuti munthu amene analowa ngati mlendo asinthire ku study visa ali mkati mwa dziko, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, nde ambiri amayenera kubwerera kukaplayira kumudzi. Ndi ulendo uja wa basi kuchokera ku Park Station, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kenako kukadikira ku Lilongwe masabata osadziwika uku rent ya kuno ikuwerengabe. Ndipo ngati masiku anu anapitirira, potuluka pa boda amakudindani kuti undesirable, chaka chimodzi ngati mwapitiriza masiku osaposa 30, zaka 5 ngati mwaposa. Ndikudziwa abale anzeru kwambiri amene offer anali nayo m'manja koma nkhani inathera pamenepa. Ngati mapepala anu sali bwino funsani kwa odziwa malamulo a immigration musanalipire deposit ina iliyonse, ndipo chonde musapite kwa anthu aja amalonjeza kukukonzerani sitampa pakona, chifukwa zimenezo zikadziwika zimakutsekerani njira zonse. Amene ali ndi permit ina yovomerezeka kale nkhani yawo ndi yosiyana, amatha kuplaya konkuno kudzera ku VFS, kampani yolandira mafomu a viza.

Study visa imafuna kalata ya yunivesite, umboni wa ndalama, police clearance, lipoti la dokotala, komanso medical aid yolembetsedwa konkuno ku South Africa, inshuwalansi ya kumudzi saivomera. Ikatuluka imakulolani kugwira ntchito maola 20 pa sabata, osapitirira. Nde amene mukuganiza kuti muzigwira ntchito yanu ya full time ku Sandton uku mukuphunzira pa study visa, werengeraninso. Za UK pamafunika CAS, nambala yochokera ku yunivesite yotsimikiza kuti akulandirani, kuyezetsa TB, ndipo ngati mukudzilipirira ndalama zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a taught Masters saloledwanso kutenga akazi awo, amuna awo kapena ana. Ku America ndi fomu ya I-20 yochokera ku yunivesite, fizi ya $350 ya SEVIS, kaundula wa ophunzira akunja, kenako intaviyu ku embassy, ndipo malamulo a kumeneko akhala akusinthasintha kwambiri nde muziona pa tsamba la embassy lenilenilo osati zomva pa gulu la WhatsApp.

Mwaona tsono chomwe chimachitika. Mapepala ena amachedwa kutuluka, ena amatha mphamvu msanga. Police clearance mukaitenga msanga kwambiri ifika poti yakalamba viza musanaplaye chifukwa amafuna yosapitirira miyezi 6, mukachedwa nayo sukulu iyamba inu mulibe. Luso lonse la nyengo yodikirayi ndi kudziwa kuti chiti ndiyambe lero ndipo chiti ndidikire. SAQA, transcript, pasipoti yokhala ndi zaka zokwanira, izi ndi za lero. Police clearance, dokotala, medical aid, izi zidikire mpaka mutaona kuwala.

Pali mbali ina yomwe pa mawebusayiti a mayunivesite salembapo. Ife tikamadikira sitidikira tokha. Kumapeto kwa mwezi pali Mukuru yopita kumudzi, pali fizi ya mng'ono wathu, feteleza, mankhwala a agogo. Application fee iliyonse, IELTS iliyonse, imachoka pa ndalama yomweyo. Ndipo amene amadalira thandizo lochokera kumudzi anaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndalama zomwe banja linasonkha miyezi yambiri zinangosungunuka, bank statement yomwe dzulo lake inali yokwana lero yaperewera. Nde ngati mukusunga ndalama za sukulu ndipo mumalandira ma rand, ganizirani bwino komwe mukuzisungira.

Za ntchito ndinena mosapsatira, musasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Offer si chifukwa chopereka notice, kalata ya sikolashipi nayonso payokha si chifukwa, dikirani viza ikhale mu pasipoti. Chimodzimodzi chipinda chomwe mukukhala, ku Joni kuno kupeza pokhala pabwino pa mtengo wabwino si masewera. Komanso kulengeza, ine ndimaona kuti ndi bwino kuuza anthu awiri kapena atatu okha amene angakupempherereni ndi kukulimbitsani mtima, chifukwa mukauza mudzi wonse ndiye kuti foni iliyonse ikhala ya "mukunyamuka liti", ndipo funso limenelo likamabwera tsiku ndi tsiku inu mulibe yankho limadwalitsa.

Kodi ndi bwino kuwalembera kufunsa? Eya, koma mwanzeru. Onani kaye tsiku lomwe iwo analonjeza kuyankha, likadutsa ndi sabata imodzi kapena awiri lembani imelo yaifupi, nambala yanu ya application pamwamba, funso limodzi lomveka. Ndipo ngati muli ndi chifukwa chenicheni, monga sikolashipi ikufuna unconditional offer pofika tsiku lakuti, nenani tsikulo ndipo muikemo kalata yake, chifukwa pamenepo mwawapatsa chogwirira ntchito ndipo ambiri amathandiza. Ubwino wathu okhala konkuno ndi woti Braamfontein ndi Auckland Park, komwe kuli Wits ndi UJ, ndi pafupi, mutha kukwera basi ya Rea Vaya nkukafika nokha ku international office, zomwe mnzathu amene ali ku Mzuzu sangathe. Nthawi zina mphindi 10 pa kauntala zimakuuzani pepala lomwe likusowa, lomwe maimelo a mwezi wathunthu sanakuuzeni.

Offer ikabwera koma ndalama osabwera, funsani za deferral, ndiye kuti kusunga malo anu mpaka chaka chamawa. Ena amalola ena salola, ndipo nthawi zambiri chomwe chimasungidwa ndi malo okha, ndalama mumaplayanso. Deposit musalipire musanafunse kuti viza ikakanika amabweza kapena ayi, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Mchemwali uja tinakhala pa benchi kunja kwa tchalitchi nkutsegula portal yake bwinobwino pa foni yanga chifukwa data yake inali itatha. Pansi penipeni, pa tsamba lomwe sankalitsegula, panali mzere wofiira wonena kuti referee wachiwiri sanatumize kalata. Fomu yake inali isanafike nkomwe ku dipatimenti miyezi yonseyi. Tinawaimbira abambowo pomwepo pa WhatsApp, anali lekichara wake wakale kumudzi, anati link inapita ku imelo yomwe anasiya kugwiritsa ntchito. Lolemba mmawa analembera ku admissions kuti atumize link ina, Lachitatu kalata inalowa. Pano akudikirabe, ndipo za SAQA watumiza sabata ino.